Kuwerengera mwana nthano za pa foni popanda kutha bandulo kapena kulizana

Zimayamba bwino. Mwamva kwa mnzanu kuntchito kapena pampopi kuti kuli maapu a nthano za ana, aja oti mwana akadina chule wa pachithunzi, chuleyo amadumpha n'kulira. Mwagula bandulo, mwatsitsa apu yoyamba imene Play Store yakuonetsani, mwamusiyira mwana foni, inu mwalowa kukhitchini. Potuluka ndi nsima mupeza mwana ali pa kanema wa malonda, bandulo yatha, nthanoyo sakuidziwa n'komwe kuti inali ya ndani. Mukati mulande foni, kulira kwake kumveka mpaka kwa aneba. Pakutha masiku atatu apu ija mwaifufuta, n'kumauza anzanu kuti zinthu zimenezi n'zopanda pake.

Ine ndinadutsa momwemo kuno ku Chinamwali, ndipo yanga inafika pochititsa manyazi. Kamtsikana kanga, kali ndi zaka 4, kanatuluka mu apu ya nthano n'kukalowa mu WhatsApp, n'kutumiza mawu ojambula asanu ndi awiri ku gulu la amayi a kutchalitchi. Munali kupuma kwake, tambala wa aneba, ndi ineyo ndikukalipira mkulu wake chifukwa chotaya madzi. Wolakwa ndinali ine: foni sindinaikonze, ndiponso ndinaisandutsa mlezi.

Pansipa ndi mmene ndimachitira tsopano. Ndalemba za mafoni a Android poti ndi amene ambirife tili nawo, kaya itel, Tecno, Infinix kapena Samsung. Mayina a modina ndawasiya m'Chingelezi monga mmene amaonekera pa foni.

## Zofunika kukhala nazo

- Foni kapena tabuleti ya Android imene mudakali malo. Yodzaza ndi makanema a paukwati wa chaka chatha siyilandira kanthu.
- Bandulo ya intaneti yonse, kapena Wi-Fi ya kuntchito kapena ya m'bale. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha siyitsegula Play Store.
- Kava yalabala ndi galasi lotchinga sikirini. Foni idzagwa pasimenti, musakayike.
- Nambala yachinsinsi yokhomera foni imene mwana sakuidziwa. Ngati amaidziwa kale, sinthani lero.
- Pawabanki kapena kasola, ngati muli nako, pa masiku amene magetsi azima madzulo.
- Kope lakale ndi machekeni. Ntchito yake muiona kumapeto.
- Theka la ola muli nokha lokonzera foni, kenako mphindi 15 tsiku lililonse zokhala pansi ndi mwana. Ichi ndiye chovuta kupeza kuposa zonsezi, koma popanda icho zotsalazo n'kungodzivuta.

## 1. Konzani foni mwana kulibe

Chitani izi ali kusukulu ya mkaka kapena atagona. Akakhala pambali panu azikulandani foni musanathe, ndiponso aona nambala yachinsinsi. Ana amaloweza kayendedwe ka chala msanga kuposa mmene timaganizira.

Lowani mu Settings, pitani pa Storage, muone malo otsala. Akachepera 1 GB, fufutani kaye makanema akale a mu WhatsApp. Kenako tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu kumwamba kudzanja lamanja, lowani mu Settings, kenako Network preferences. Pa Auto-update apps sankhani kuti maapu asamadzikonze okha, kapena azitero pa Wi-Fi pokha.

Chenjezo: ambiri amadumpha zimenezi, ndiye akangoyatsa data foni imayamba kukonza maapu onse amene alimo, bandulo n'kutha nthano isanatsike. Ndipo bandulo ikathera pakati, kutsitsako kukhoza kuyamba kudya mayunitsi. Onani kaye zotsala musanadine Install.

## 2. Sankhani apu mosathamanga

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye ndichedwapo.

Mukalemba fairy tales kapena bedtime stories mu Play Store, mubwera maapu ambirimbiri okhala ndi zithunzi zowala: ana a mafumu, zinjoka, nyumba zamaswiti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanatsitse, werengani timawu ting'onoting'ono tili pansi pa dzina la apu. Contains ads ndiye kuti muli malonda. In-app purchases ndiye kuti nthano ziwiri kapena zitatu n'zaulere, zotsalazo zili ndi kaloko ndipo zifuna ndalama. Mwana wa zaka 3 sadziwa kaloko, amangoona chithunzi chokongola chimene chikukana kutseguka, kulira n'kuyambika. Mawu akuti Rated for 3+ asakunamizeni. Amangotanthauza kuti mulibe zolaula kapena zachiwawa, sakunena kuti apuyo ndi yabwino pophunzitsa. Chizindikiro chothandizako ndi Teacher approved, chimene chimapezeka pa maapu ena a m'gawo la Kids. Dinaninso About this app mutsike pansi muone kukula kwake mu MB, kuti mudziwe ngati bandulo ikwana.

Nawa amene ndawagwiritsapo ntchito, onse aulere.

African Storybook Reader ndi wa bungwe la Saide la ku South Africa, lomwe linatsegula webusaiti ya African Storybook mu 2014. Muli nthano za zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chilimo. Yang'ananinso pa CiNyanja, Chinyanja cha ku Zambia. Kalembedwe kake kamasiyana pang'ono, amalemba c pamene ife timalemba ch, koma mwana amamva zonse inu mukamawerenga. Mabuku anawagawa m'magawo asanu, kuyambira a mawu amodziamodzi mpaka owerengera mokweza. Kunena chilungamo, mu apu imeneyi mulibe chule wodumpha, ndi zithunzi ndi mawu basi. Komabe ndi imene timatsegula kawirikawiri kwathu, chifukwa mbuzi, nkhokwe ndi mitsuko ya m'zithunzizo mwana amazidziwa.

Bloom Reader, wa bungwe la SIL, ali ndi mabuku ena olankhula: mawu amamveka uku chiganizo chimene chikuwerengedwa chikuwala. Mabuku ake mukhoza kugawana ndi foni ina popanda intaneti, zomwe zimathandiza ngati pamdadada panu pali makolo angapo, wina agule bandulo lero, wina mawa.

Khan Academy Kids ndi ya Chingelezi, ya ana a zaka 2 mpaka 8, ndipo mulibe malonda. Muli nthano zolankhula, nyimbo ndi timasewera. Imafuna imelo ya kholo polembetsa, komanso ndi yolemera, pa kafoni ka memori yochepa imakoka miyendo. Itsitsireni pa Wi-Fi.

Read Along ya Google ndi ya mwana amene wayamba kale kuwerenga Chingelezi, wa zaka 5 kupita m'tsogolo. Mwana amawerenga mokweza, kamtsikana ka mu apumo kotchedwa Diya kamamvetsera n'kumuthandiza pamene wakakamira. Chichewa mulibe, ndiye kwa wa zaka 3 isiyeni kaye.

Nanga aja odinadina enieni, oti chilichonse pa tsamba chimagwedezeka? Alipo abwino, koma muwaunike. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands anasonkhanitsa kafukufuku 43 wa nthano za pa makina. Anapeza kuti zithunzi zoyenda ndi mawu ogwirizana ndi nthanoyo zimathandiza mwana kumvetsa, koma modina mwambirimbiri ndi timasewera ta pakati pa nthano timamusokoneza, makamaka ana amene kunyumba sathandizidwa kwenikweni pa kuphunzira. Muyeso wanga ndi uwu: ngati mwana adina chitseko n'kutseguka pamene nthano ikunena kuti mtsikana analowa m'nyumba, ili bwino. Ngati adina mtambo n'kutuluka mabaluni oti aziphulitsa uku fisi ali pakhomo, apu imeneyo ndi choseweretsa chabe, musaiwerengere ngati buku.

Tsitsani awiri okha, imodzi ya Chichewa, ina ya Chingelezi. Mukatsitsa asanu ndi atatu mwana azingolumphalumpha osamaliza nthano ndi imodzi yomwe.

Chenjezo: musalandire apu ya ana kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori khadi kumsika, kapena pa linki yobwera m'magulu. Simudziwa chimene anaikamo. Tengani ku Play Store.

## 3. Tsitsani nthano, kenako yesani popanda intaneti

Kutsitsa apu ndi kutsitsa nthano ndi ntchito ziwiri. Maapu ambiri amabwera opanda kanthu m'kati, buku lililonse limafuna kulitsitsa palokha, nthawi zambiri podina kamuvi koloza pansi. Data idakali yoyaka, tsitsani nthano zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Zikwana milungu iwiri, chifukwa ana amakonda kubwereza imodzimodziyo mpaka inu kutopa nayo.

Mukatha, yatsani Airplane mode, kandege kaja, tsekani apu n'kuitsegulanso. Tsegulani buku lililonse mpaka tsamba lomaliza. Limene likukana kapena likungozungulira silinatsike lonse. Apu imene siyitsegula kanthu popanda intaneti ifufuteni pompo, idzakudyerani ndalama usiku uliwonse.

Kuwerenga data itazimitsidwa kuli ndi ubwino wina: malonda ambiri amabwera kudzera pa intaneti, ndiye mukaitseka nawonso amasowa njira. Kumbukirani kokha kuti kandege kakayaka anthu sangakuimbireni. Ngati muli ndi wodwala kuchipatala kapena mukudikira bambo a ana ali paulendo, zimitsani data ndi Wi-Fi zokha, kandege mukasiye.

## 4. Khomani zitseko

Chimene chikanandipulumutsa ku manyazi a gulu la kutchalitchi chilimo kale mu foni, sichifuna kutsitsa. Dzina lake ndi App pinning, mafoni ena amati Screen pinning kapena Pin app. Chimamanga foni pa apu imodzi, mwana sangatulukemo.

Lowani mu Settings, kenako Security. Mukapanda kuchiona, lembani pin pa kabokosi kofufuzira ka pamwamba. Chiyatseni, ndipo yatsaninso pamene akufunsa ngati foni izifuna nambala yachinsinsi pomasula. Tsopano tsegulani apu ya nthano, dinani kabatani koonetsa maapu amene ali otseguka, dinani kachizindikiro ka apuyo pamwamba pake, sankhani Pin. Pomasula, gwirani pamodzi kabatani kobwerera m'mbuyo ndi koonetsa maapu kaja kwa kanthawi, kapena ngati foni yanu ilibe timabatani, kokerani chala m'mwamba n'kugwira. Pa iPhone chinthu chomwechi amachitcha Guided Access, chili mu Accessibility.

Chenjezo: yesani kumanga ndi kumasula katatu muli nokha. Achemwali anga a ku Matawale anamanga foni osadziwa kumasula, anakhala madzulo onse foni ili pa nthano ya nkhuku uku akufuna kulandira ndalama ya mandasi.

Ngati munalumikiza khadi ya kubanki ku Play Store, fufuzani pamene alemba Purchase verification kapena Require authentication for purchases, musankhe kuti izifunsa nthawi iliyonse. Samalaninso ndi mawu akuti free trial: masiku aulerewo akatha, amayamba kudula ndalama okha. Ndipo nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba isafanane ndi yokhomera foni.

Apu ya nthano ikapempha kuona manambala a anthu, mauthenga kapena malo amene muli, kanani. Buku silifuna zimenezo. Maikolofoni lolani kwa apu yokhayo imene imamvetsera mwana akuwerenga. Ngati mwana ali ndi tabuleti yakeyake, Family Link ya Google imakulolani kuika malire a nthawi ndi kuvomereza maapu kuchokera pa foni yanu.

## 5. Werengani nokha kaye

Mphindi zitatu zokha pa buku. Nthano zakale za ku Ulaya zili ndi mfiti zodya ana, makolo otaya ana m'nkhalango, ndi mimbulu yomeza agogo. Zathunso sizichepa, fisi wa m'nthano zathu saseka ndi munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti pa foni mfitiyo ili ndi nkhope ndi mawu, imaseka mokweza m'chipinda cha mdima. Wa zaka 6 aseka nayo, wa zaka 3 akana kupita kukakodza. Mwana wanu mukumudziwa ndinu.

Onaninso Chichewa chake. Mabuku ena anamasuliridwa mothamanga, muli mawu oti palibe amene amalankhula chotero. Mukawadziwiratu mudzawakonza pakamwa powerenga.

## 6. Khalani naye pansi

Sankhani nthawi imodzi tsiku lililonse. Kwathu ndi tikatha kudya, tisanayale pogona, pamkeka pakhonde ngati kulibe udzudzu. Chepetsani kuwala kwa sikirini, ndipo ngati foni ili ndi Eye care kapena Night light, yatsani. Foni igwireni ndinu, mwana akhale pamiyendo kapena m'khwapa. Ikakhala m'manja mwake amaiyandikitsa pamphuno ndiponso amathamangitsa masamba.

Musayambe ndi kudina. Yambani ngati mmene agogo ankayambira:

"Padangokhala."

"Tili tonse!"

Zikuoneka zazing'ono, koma mawu amenewa amamuuza mwana kuti ino ndi nthano, pali wonena ndipo pali woyankha. Kwathu foni siitseguka asanayankhe.

Maapu ambiri amapereka njira ziwiri kapena zitatu. Read to me ndiye kuti apu iwerenga yokha koma tsamba mutembenuza ndinu. Read by myself ndiye kuti ili chete, muwerenga ndinu. Auto play imangoyenda yokha ngati kanema, imeneyo isiyeni. Tsiku loyamba la nthano iliyonse sankhani yachete ija.

Lamulo limene linasintha zinthu kwathu ndi ili: khutu kaye, chala pambuyo. Ndimawerenga tsamba lonse chala chake ndachigwira m'dzanja langa, kenako ndimamumasula adine kamodzi kapena kawiri, n'kutembenuza. Masiku oyamba ankalimbana nane. Tsopano amafunsa yekha.

"Amayi, ndidine?"

"Dikira. Kalulu wanena chiyani kwa njovu?"

"Wati tikokane chingwe."

"Ndiye iwe ukuona ngati apambana ndani?"

"Njovu. Ndi yaikulu."

"Chabwino, dina tione."

Mafunso ake akhale oti ayankhe ndi nkhani. "Ichi n'chiyani?" ndi la wa zaka 2. Wa zaka 4 mufunseni chifukwa chake kamba sakuthamanga, chimene iye akanachita, kapena kumene anaonapo chinthu chotero. Funso limodzi pa masamba awiri lakwana. Mukafunsa tsamba lililonse nthano isanduka mayeso, ndipo mwana ayamba kuyasamula.

Nthano ikakhala ya Chingelezi, tsitsani voliyumu mpaka pansi, muinene m'Chichewa poyang'ana zithunzi. Musavutike kumasulira liwu ndi liwu. Mmbulu akhale fisi ngati mwana sakumudziwa. Nyumba yachifumu ya pamwamba pa phiri muiike pa phiri lathu la Zomba lomweli limene amaliona akadzuka. Mtsikana wotola zipatso m'nkhalango akutola sitiroberi ndi mabulosi ngati amene amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Chipale chofewa munene kuti ndi kuzizira koposa kwa mu June ndi July, kofika poumitsa madzi. Nyanja ikhale Chilwa, ngalawa zikhale za ku Kachulu. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu, nthano ataidziwa kale, kwezani voliyumu amve Chingelezicho. Apa mawu achilendo amagwera pa nkhani imene ili kale m'mutu, ndiye amakhazikika. Mukayamba ndi Chingelezi amangomva phokoso n'kuthamangira kudina.

Ngati inuyo kuwerenga kumakuvutani, musadzione kuchepa. Zithunzi zimanena nthano, ndipo mwana wa zaka 3 sakuyang'ana ngati mwatsata zilembo. Agogo akenso angathe, bola foni muwakonzere n'kuimanga.

Ana akakhala atatu kapena anayi, a pakhomo ndi a aneba, gawani kudina: tsamba ili la uyu, lotsatira la uyo. Mukapanda kugawa, wamkulu alanda zonse, wamng'ono aluma wina.

## 7. Kumaliza popanda nkhondo

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019: mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepa n'kwabwino. Ola limenelo likuphatikiza TV ndi makatuni a kwa aneba. Malangizo omwewo amalimbikitsa kuwerenga ndi kunena nthano limodzi ndi womulera. Ndiye wakhanda muimbireni ndi kumuonetsa buku lapepala, foni idikire.

Mwana wamng'ono sadziwa mphindi. Mukati "zatsala mphindi zisanu" palibe chimene mwanena. Pimani ndi nthano: musanayambe, gwirizanani kuti lero ndi ziwiri, aonetse ndi zala. Yachiwiri ikamayamba mukumbutseni kuti ndi yomaliza. Ikatha, tsekani ndi mawu omwewo tsiku lililonse. Agogo anga a ku Jali ankati, "Kaphuleni mbatata," ife n'kuyankha, "Yapserera!" Ndinawabwereka. Akangoyankha, amazimitsa foni ndi chala chake n'kukaiika pamwamba pa kabati. Kuzimitsa yekha kumachepetsa mkwiyo kusiyana ndi kumulanda.

Alira ndithu masiku atatu kapena anayi oyamba. Mukagonja tsiku limodzi n'kuwonjezera "imodzi yokha," waphunzira kuti kulira kumagula nthano, ndipo mawa alira mokweza.

Pakhale kanthawi pakati pa foni ndi tulo. Mukazimitsa, mufunseni akufotokozereni nthanoyo mumdima, kuyambira pachiyambi. Pamenepo ndi pamene mudzadziwe ngati anamva kapena ankangodina.

## 8. Pangani nthano yanuyanu

Mukazolowera, pitani patsogolo. Nthano zambiri zimene tinakula nazo simudzazipeza mu Play Store, koma Saide yemweyo ali ndi apu ina yotchedwa African Storybook Maker. Imakulolani kupanga buku la zithunzi pa foni, ngakhale popanda intaneti: mulemba mutu, muika chithunzi pa tsamba lililonse, chojambula nokha kapena chotenga mu apumo, n'kulemba chiganizo pansi pake.

Ife tinapanga ya Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi uja amene amayi ake ankamuchenjeza za mvula. Loweruka lina tinakumba dothi pachulu, iye n'kuumba kamwana ka mutu waukulu ndi miyendo yosiyana kutalika, maso a nthanga za therere. Tinakajambula pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, panjira yopita kuchigayo. Mitambo itayamba kuda pamwamba pa phiri tinaijambulanso. Chithunzi chomaliza tinathira madzi a m'kapu. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kadothi kakusungunuka, kenako anati, "Amayi, tiumbe wina wokhala ndi ambulera." Buku lathu lili ndi tsamba lowonjezera limene agogo sankalidziwa.

Chitani chonchi: nenani nthano pakamwa kaye, muigawe masamba 6 kapena 8, mwana ajambule ndi machekeni m'kope kapena aumbe, inu mujambule ndi foni masana panja pa mthunzi, osayatsa fulashi. Chiganizo chimodzi pa tsamba, m'mawu amene iye wanena. Ngati apu yakukanikani, zithunzi zomwezo muziike mu alubamu imodzi mu Gallery, zigwira ntchito chimodzimodzi. Agogo akabwera, ajambuleni mawu ndi Recorder ya mu foni akunena nthanoyo ndi nyimbo yake, muziyatsa uku mukutembenuza zithunzi.

Chenjezo: mukadina Publish bukulo lipita pa intaneti pomwe aliyense angalione. Musaikemo nkhope ya mwana, dzina la sukulu yake kapena chithunzi choonetsa nyumba yanu.

## Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kupatsa mwana foni kuti atonthole, muminibasi yopita ku Limbe, pamzere kusikelo kapena m'tchalitchi. Kamodzi paulendo wautali palibe mlandu, tonse tinachitapo. Chikakhala chizolowezi, amayamba kuyambitsa dala kulira pagulu podziwa kuti pamenepo simukana.

Kumusiyira foni ili pa tchaja. Imatentha, waya amakoka, ndipo matchaja otchipa a pamsika sitiwadziwa bwino. Tchajani masana magetsi alipo.

Kumuveka mahedifoni a akuluakulu. Simumva chimene akumva, ndiponso amakweza mpaka mapeto. Sipika ya foni yakwana.

Kusintha nthano tsiku lililonse poganiza kuti kubwereza n'kutaya nthawi. Ulendo wachisanu ndi pamene amayamba kumaliza ziganizo yekha ndi kuloza liwu limene walizindikira. Mukawerenga molakwitsa dala, "Kalulu anakwera njinga," muone mmene akudzudzulireni.

Kuthamangira Chingelezi chokhachokha poopa kuti Chichewa chimubwezera m'mbuyo. M'masukulu a boma Sitandade 1 amayamba kuphunzira kuwerenga m'Chichewa, ndipo matabuleti a pulogalamu ya BEFIT, imene boma linayamba kugawa mu 2023 kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, nawonso amalankhula Chichewa. Mwana amene amatha kutsata nthano m'chinenero cha kwawo, kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, luso lomwelo amapita nalo ku Chingelezi.

Kuiwala kuti mkulu wake wa Sitandade 6 amadziwa kumasula chilichonse. Mukamutuma kuti awerengere mng'ono wake, muzisuzumira, apo ayi mupeza onse awiri ali pa mpira.

Kudina Clear data kapena kulola maapu oyeretsa foni kuti asese zonse malo akachepa. Nthano zimene munatsitsa zikhoza kupita nazo, bandulo n'kugulanso. Malo akathina, yambani ndi makanema a m'magulu, ndipo mu WhatsApp zimitsani Media auto-download kuti asamadzadzenso okha.